Bondo Lokana Kugwada

Ku Ngauma kuli mudzi umodzi umene masiku ano ndimaudutsa nditatsitsa galasi la chisoti cha njinga yamoto, ngakhale kutenthe bwanji. Vuto lake ndi lakuti ndi mudzi wa apongozi anga, ndiye sindingaulambalale mpaka kalekale.

Ndiyambe ndi matenda anga akale. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito ku Nacala, ndipo kumeneko anzanga anandilowetsa m'masewera otchedwa triatlo. Umasambira, ukatuluka m'madzi n'kukwera njinga, ukatsika njinga n'kuyamba kuthamanga, zonsezo osapuma. (Mkazi wanga, mayi a Lusiya, amati amene anayambitsa masewerawa ankathawa apolisi.) Nditasamukira ku Mandimba kudzagwira ntchito ya ulangizi wa fodya, nyanja ndinaisiya komweko koma khalidwelo ndinabwera nalo.

Bondo langa silinavulale pa mpikisano ayi, ngakhale anthu ena ndimawauza choncho. Ndinaterereka potsika sitima ku Cuamba nditasenza thumba la nyemba. Thumbalo linafika pansi bwinobwino. Ine bondo linangoti thyo, mtsempha n'kuduka, ndipo nkhani inakathera pa opaleshoni ku Nampula. Kenako ndodo, kenako miyezi yoyenda ngati bakha, kenako dona Amelia.

Dona Amelia ndi mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsanso ziwalo, ku Cuamba, wamfupi, wosakonda kubwereza mawu. Ataona kuti mwendo wayamba kumvera, anandipatsa malamulo.

"Njinga palasani, bambo, koma pamalo athyathyathya. M'madzi lowani, muziyendamo, kusambira pang'ono. Kuthamanga ayi."

"Ngakhale kuchokera apa kukafika pachipatapo?"

"Mwandimva."

Ndinawamvadi. Koma poti ziwiri mwa zitatu anali atandilola, mtima unayamba kundinong'oneza kuti chachitatucho angochikaniza mwamwambo chabe.

Mpata unapezeka nyengo ya nazale, dzuwa likuswa mtengo, titapita kukaona apongozi ku Ngauma. Njinga ndinaikweza pamwamba pa chapa, minibasi ya kuno, n'kuuza mayi a Lusiya kuti ndi mankhwala amene dona Amelia analamula. Chovala changa cha mpikisano, chakuda, chothina ngati mpira wa legeni, ndinachibisa pansi pa chikwama.

Lamlungu m'mawa onse akukonzekera kutchalitchi, ine ndinakhala pakhonde n'kuyamba kusisita bondo, nkhope nditaikwinya.

"Lero likukana kugwada," ndinatero.

Apongozi aamuna, bambo Mateyu, mkulu wa mpingo wolemekezeka m'dera lonselo, anandimvera chisoni. "Pumulani, akamwini. Tikakupemphererani." (Ndinamva pambuyo pake kuti anandipemphereradi, motchula dzina, mpingo wonse n'kuvomera ameni.)

Atangobisika kuseri kwa mitengo ya mango, ine njinga m'manja, ulendo wa kudambo. Kumeneko kuli damu limene alimi amatungapo madzi othirira nazale, ndipo m'maganizo mwanga linali lalikulu ndithu. Ndinavula pansi pa mkuyu, zovala n'kuzikoleka panthambi, kuvala chothina chija ndi magalasi osambirira, n'kudziponyamo ngati ndili ku Nacala. Madzi ake anali olekeza m'mawondo. Mimba inalima matope ngati pulawo. Komabe ndinasambira, manja akukumba pansi, achule akundipatsa njira. Potuluka ndinali bii kuyambira kumutu mpaka kuphazi, misundu itakakamira m'akatumba. Ndinaithothola, n'kudziuza kuti gawo loyamba latha bwino.

Pa triatlo sutaya nthawi ndi kusamba kapena kusintha zovala. Ndinangovala nsapato ndi chisoti n'kudumphira panjinga. Msewu wa kumeneko ndi wa dothi lofiira, ndipo ndisanapite patali lole ya chimanga inandidutsa, fumbi lonse n'kumatirira pamatope aja. Kuti lisandilowe m'maso ndinabwezeretsa magalasi osambirira, ndipo sindinawavulenso. Bondo linali phee. Ndinaliyesa pachitunda, phee. Ndinaimirira pamapedulo, phee. Apa m'pamene nzeru zinandithawira.

Ndinatsamiritsa njinga m'chigafa cha munthu wina, n'kunena kuti ndingothamanga pang'ono, ndilimve chabe. Miyezi yonse ija ndinkalota ndikuthamanga, ndipo mapazi atayamba kumenya pansi misozi inalengeza. Chimwemwe chimenecho chinali chenicheni, ndipo sindichichitira manyazi. Manyazi anali patsogolo pang'ono, pokhota njira.

Pamenepo ndinakumana ndi amayi angapo achisilamu akuchokera kumjigo, ndowa pamutu. (Powerengera kuti mudzi wonse uli kutchalitchi, ndinaiwala kuti kwa ena Lamlungu ndi tsiku wamba.) Anaima njii. Tangoganizani zimene anaona: bambo wamkulu, wofiira ngati chulu, maso agalasi otuzuka, zovala ngati sanavale, akuthamanga popanda mpira kapena mbuzi patsogolo pake. Mmodzi anafunsa m'Chiyao, ataona kuti sindikuyankha anabwereza m'Chinyanja.

"Kwagwanji, bambo? Akukupirikitsani ndani?"

Mpweya unali utandithera. Ndinkafuna kuwauza kuti njinga ndaisiya kumbuyoko, ndikungolimbitsa thupi. Dzanja linaloza kumbuyo, koma pakamwa panangotuluka, "Nj... nj..."

Tsono mwezi umenewo kunali mphekesera yakuti njati yosokera yaoneka m'madimba cha kumtsinje wa Lugenda.

"Njati!"

Ndowa zinagwa. Amayi aja, amene ndinali nditawadutsa kale, anatembenuka n'kuliyatsa liwiro kulowera kumudzi, ana ali kumsana, ndipo onse anandipitirira. Womaliza kundipitirira anali gogo wina wopanda nsapato, chitenje atachikwinyira m'chiuno, amene anandicheukira n'kukuwa kuti, "Limbikani, bambo, ikupezani!"

Mfuu inafalikira. Agalu, nkhuku, zitseko kumenyeka. Ndipo apa ndinene zoona zokhazokha. Nditamva mudzi wonse ukukuwa njati, ndinacheuka. Kumbuyo kunali fumbi. Magalasi anali ndi matope, sindinkaona bwino, ndiye ndinaganiza kuti mwina amayiwa aona chimene ine sindinaone. Ndinaiwala dona Amelia, ndinaiwala Nampula, n'kuyamba kuthawa njati imene ndinaibereka ndekha.

Njirayo imakathera pabwalo la tchalitchi, ndipo usanafike pabwalopo pali ngalande. Ndinaidumpha, n'kutera ndi mwendo wa opaleshoni. Bondo linatentha ngati alithira madzi owira, ndipo ndinakagwa chafufumimba, chisoti chili m'fumbi.

Nditadzutsa mutu, mpingo wonse unali utatuluka, nyimbo atailekeza pakati. Abambo anali ndi miyala, wina atanyamula benchi yathunthu. Njati sanaione. Anaona ine. Ana anathawira kumbuyo kwa amayi awo.

"Ndi munthu ameneyu?" wina anafunsa.

"Musamuyandikire," anatero wina.

Bambo Mateyu anapyola pakati pa gululo, baibulo lili m'khwapa. Anawerama, kukweza magalasi anga ndi chala chimodzi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaweramuka n'kulengeza ndi mawu aja amalengezera maliro.

"Ndi akamwini athu awa."

Apongozi aakazi, amene chikwatirire mwana wawo anali asanaonepo ngakhale msongolo wanga, anamasula chitenje chapamwamba, n'kubwera chafutambuyo, nkhope atayang'anitsa kumunda, n'kundiponyera. Chinagwera pamutu. Mayi wina wa kwaya ndiye anachitsitsira pamene chinkafunika.

Mayi a Lusiya anagwada pambali panga n'kugwira bondo, limene linali litayamba kale kutupa ngati dzungu. Anandifunsa ngati ndingagwedeze zala, ndinagwedeza, anapumira m'mwamba. Atatero m'pamene anandiyandikira kukhutu.

"Bondo lokana kugwada lija ndi limeneli?"

Anandinyamulira pabenchi lomwe lija anakonzera njati. Zovala zanga anakazitenga pamkuyu ndi bambo Mateyu eni ake, zimene zinawawa kuposa kukalipa.

M'mawa mwake tinakwera chapa kupita ku Cuamba, mwendo nditaugoneka pamatumba a chinangwa. Panjira yonseyo panalibe choseketsa. Ndinkakumbukira miyezi imene mayi a Lusiya ankandikweza ndi kunditsitsa pabedi, kunditengera madzi kubafa, kugwira ntchito zanga ndi zawo, ndipo ndinkadziwa kuti mtsempha uja ukakhala kuti wadukanso, amene adzasenze katunduyo si ine ndekha. Iwo ankangoyang'ana pawindo.

Dona Amelia anakoka, kupotoza, kudina, n'kutitumiza kukajambulitsa. Mtsempha sunaduke. Bondo linangopsa mtima, anatero, koma ndibwerere pandodo, mafizo tiyambirenso poyambirira penipeni.

"Munagwa bwanji, bambo?"

"Ndinangoponda molakwika."

"Auzeni za njati," anatero mayi a Lusiya.

Ndinawauza. Dona Amelia anamvetsera mpaka kumapeto osasintha nkhope, anapempha kuti atuluke pang'ono, n'kutseka chitseko. Khoma la chipinda chimenecho ndi lopyapyala. Tinawamva bwinobwino akuseka, ndipo posakhalitsa tinamvanso anamwino ena awiri akuthandizira.

Panopa ndodo ndazisiyanso. Ndimakweza mwendo, kuutsitsa, kukhala pampando, kuimirira, monga andiuzira, mayi a Lusiya akuyang'anira ngati kapitawo. Njinga inatsala ku Ngauma. Apongozi akunyamulirapo manyowa opita kunazale, ndipo akuti adzaibweza dona Amelia akadzanena ndi pakamwa pawo, osati kudzera mwa ine.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kufunsa za kuthamanga.

"Mvula ikatha," anatero dona Amelia.

Ndinavomera mwaulemu, manja onse awiri. Koma sananene mvula yake iti, ndipo dzulo masana kuno ku Mandimba kunawaza pang'ono n'kusiya.