Kujambula Ndiwo za Apongozi

Lolemba

Ndayamba! Anamwino akuti BP yakwera chifukwa cha thupili, ndiye ndaika apu pafoni. Ukajambula chakudya imakuuza makalori ake, ukapyola muyezo imafiira. Zoletsedwa kuyambira lero: mandasi a pasiteshoni, tchipisi cha pachiwaya, thobwa. Kuntchito ndikupita wapansi. Akabaza onse a pa Balaka akundiimbira belu, wina akuti, "Bwana, takulakwirani chiyani?" Aimbe.

Madzulo apongozi anga, mayi a bambo a Tadala, atulukira kuchokera ku Ntaja osachenjeza. Mpunga thumba, kalongonda, tambala wamoyo. Akuti akhala sabata. Akhale, ine ndatsimikiza.

Lachiwiri

Aphika kalongonda. Ndajambula. Apu ikuti ndi chokoleti! Matemba ikuti siikuwadziwa. Ndikujambulanso chapafupi, nditayatsa tochi. Apongozi asiya kutafuna, akungondiyang'ana. Ndadya theka, mbale ndakankha.

Lachitatu

Futali wa mbatata, nsinjiro zosaumira. Foni yafiira ndisanalawe n'komwe. Ndajambula, ndanunkhiza, ndasiya.

Njala! Ku ofesi ngakhale chidindo chikuoneka ngati chitumbuwa. Apongozi afunsa mwana wawo ngati kwathu ku Phalula timayamba tajambula chakudya tisanapemphere. Iye wangoti ndi zamasiku ano, n'kupitiriza kudya, mpaka futali wanga yemwe. Munthu wosathandiza.

Lachinayi

Zavuta. Mlamu wanga waimba kuchokera ku Nkaya. Akuti mbiri ili ponseponse yoti ndikumajambula ndiwo za apongozi n'kutumiza kwa sing'anga, aone ngati akundithirira mankhwala. Ine! Wa kwaya ine!

Ndakhala nawo pansi apongozi, ndawafotokozera bwinobwino za makalori. Kuti amvetse, ndawaonetsa pamene foni yafiira. Apo ndiye ndaonjeza moto. "Basitu yapeza," akutero. "Tandiuzani mayi a Tadala, yapeza chiyani m'futali wanga?"

Yapeza nsinjiro. Sakukhulupirira.

Lachisanu

Apongozi sakudya. Moni sakuyankha. Akhala pakhonde, chikwama chomanga kale chili pambali, kuti aneba aone bwino. Aliyense wodutsa akumuuza kuti ana awo onse anakulira ndiwo zomwezi ndipo palibe anafa nazo.

Zikundipweteka, kunama ayi. Mayi amenewa ndi amene anandichapira matewera nditachira Tadala, pamene abale anga ankangoimba foni. Akachoka chonchi sadzapondanso pano. Koma thupi ndi langa, BP ndi yanga, ndipo sindinalakwe!

Nkhomaliro: nkhaka, madzi, mkwiyo. Foni yabiriwira, ikuti ndachita bwino. Ndi yokhayo ikundiyamikira m'nyumba muno.

Loweruka

Ankhoswe afika, mbali zonse ziwiri. Amalume anga kukwera minibasi kuchokera ku Phalula chifukwa cha futali! Akuti nkhaniyi ndi yosavuta: wokana chakudya cha apongozi wakana apongozi. Chigamulo: tambala aphedwe, apongozi aphike okha, ine ndidye pamaso pa onse, foni ili m'thumba la amalume.

Ndaimirira, ndanena za BP. Amalume akuti, "BP ilibe ankhoswe, idikire."

Ndadya mokwiya. Ntchafu. Mpunga wonyezimira mafuta. Ntchafu inayo. Msuzi ndachita kupungulira. Apongozi akuperekeza ndi maso chilichonse cholowa m'kamwa. Choipa n'chakuti kukoma kwake, Mulungu andikhululukire, mpaka ndaphwanya mafupa.

Lamulungu

Apongozi akuimba nyimbo kukhitchini. Chikwama amasula. Akunditchulanso kuti mwana wanga, ndipo mtima wanga wakhala pansi, ndisabise.

Koma akuti adzionera okha dzulo mmene ndimadyera, kuti ndi njala imene imandisokoneza mutu, mwana wawo sandidyetsa. Ndiye sachoka mpaka thupi langa litabwerera.

Foni ikufunsa zimene ndinadya dzulo. Ndaivundikira ndi pilo. Akundiitana, akuti zitumbuwa zapsa. Ndipite zisanazizire.