Yureya wa Apongozi

Mpaka lero ndikaona thumba la feteleza wa yureya ndimayang'ana kumbali.

Ine ndine mphunzitsi wa kemisitiri, ndipo matenda anga ndi oti nzeru sizikhazikika m'mutu, zimafuna anthu azione. Tsiku lomwe ndinakaonekera kwa makolo a Tamanda, chibwenzi changa, ku Lifuwu, dzuwa linkaswa mtengo. Zakumwa za m'mabotolo zomwe ndinanyamula kuchokera pa Khombedza zinafika zitafunda ngati tiyi. Ndinachita manyazi, poti ndinkafunitsitsa kuti bambo ake andione ngati munthu woti angam'patse mwana.

Kuseri kwa nyumba ndinaona thumba la yureya. Tamanda anandiuza kuti ndi wobereketsa mpunga wa kusikimu ya mthirira, ndisaukhudze. Ndinati nditapa manja awiri basi. Ndinam'fotokozera kuti yureya amasungunuka yekha m'madzi popanda womukakamiza, poti timibulu take timafuna kumwazikana, ndipo posungunukapo amayamwa kutentha. (Iye sanafunse. Palibe amene anafunsa.)

Ndinathira m'ndowa ya madzi, kuvundula, kuviikamo mabotolo. Madzi anaziziradi! Bambo ake anabwera, nagwira ndowa ija, nati koma sukulu ndi yabwino. Apo mpomwe mutu wanga unakula.

Atangobwerera kwa alendo amene anabwera kudzandiona, ndinawonjezera mbale yodzaza. Kenako ina. Kenako feteleza anayamba kungokhala pansi pa ndowa ngati mchenga. Zimenezi ndimaphunzitsa chaka chilichonse: madzi akakhuta, amene akusungunuka amalingana ndi amene akubwerera pansi, ndiye ungathire bwanji palibe chosintha. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaitanitsa beseni lochapira ndi madzi ena. Madzi atachuluka ndinaona kuti feteleza wachepa. Feteleza atachuluka ndinaona kuti madzi achepa. Pomwe ndinkadzidzimuka, thumba linali litagwada.

Bambo aja anabweranso. Anayang'ana thumba, anayang'ana beseni, anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, zazizira, zikomo. Tsopano m'bwezereni m'thumba."

Ndinafotokoza mwaulemu, manja ali kumbuyo, kuti zinthu zochitika zokha zimalowera mbali imodzi, ndipo kuzibweza kumafuna mphamvu zambiri. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mphamvu muli nazo, ndinu mnyamata," anatero, akundipatsira kapu ndi ndowa.

Masana onse ndinali m'munda wa mpunga, buluku la suti nditapinda, matope m'maondo, kusakaniza madzi aja ndi ena kuti asawotche mbewu, n'kumawaza ndi kapu. Amayi odutsa ankafunsana ngati mkamwini wayamba kale kugwirira mkazi. Pobwerera ndinapeza alendo atamwa zonse, akuyamikira kuzizira kwake. Ine anandipatsa madzi a mumtsuko.

Bambo aja anandipatsa mwana wawo Tamanda, inde. Koma tikangoimba foni kuti tikubwera, apongozi amalowetsa feteleza kuchipinda n'kukiya. Ine sindidandaula. Chomwe chimandiwawa n'choti palibe anayeza kuti madzi aja anazizira kufika pati, ndipo mwina ndi thumba lathunthu ndikanadziwa.