Sabata Imene a Esitere Anasanduka Benefishale

Lolemba
A Esitere athyoka mwendo, aterereka potsikira kumtsinje. Tiyi wawo waphuka mochita kunyada ndi mvulayi, ndipo thirakitala ya ku esiteti idzatenga masamba Lachisanu. Akapanda kutcholedwa akhwima, pasikelo akamukana, ndiye mwezi uno mayiwa adya chiyani? Koma si nkhani yosowetsa tulo. Mawa azimayi a chipereganyu tilawirira ndi madengu, pofika masana tathana naye. Gululi analiyambitsa ndi iwo omwe, chaka chimene amuna anga anamwalira. Ankatchola m'munda mwanga ine ndili m'nyumba kulira.

Lachiwiri
Sitinapite. Atulukira a bungwe aja anatilemba maina chaka chatha. A fasiliteta ndi mtsikana wa ku Blantyre, nsapato zoyera mbee m'matope a Thyolo. Akuti: "Amayi, osamangothamanga. Choyamba ndi nidzi asesimenti." Ndiye kuti tikawafunse odwalawo chimene akusowa. Mwendo uli m'chikhakha, tiyi akuoneka ngakhale utaima pamsewu, koma tapita ndithu, tafunsa. A Esitere atiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Akuti: "Manja."

Lachitatu
Wekishopu m'tchalitchi. Mawu amene ndatola lero:
Sitekiholida: munthu amene sadzagwira dengu koma akwiya mukapanda kumuuza.
Benefishale: a Esitere.
Empawamenti: kuwaphunzitsa kudzidalira. Mayi amene anaphunzitsa theka la mudzi uno kutchola masamba awiri ndi kansonga!
Kwabwera Fanta ndi mabanzi. Ndadya, ndisaname. Koma ndikutafuna ndakumbuka nyemba za kalongonda zimene tinkadya pansi pa mtengo wa mapeyala tikaweruka, a Esitere akutsogolera nyimbo ya Chilomwe, ife kuvomera kukamwa kuli kodzaza. Ndapukwa masiku amenewo.

Lachinayi
Tasankha komiti. Wapampando ndine! Ndabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba, mpaka kupatsa moni mbuzi. A Fanesi sanasankhidwe, ndiye akuti: "Akatchole a komitiwo." A Dorofe akufunsa ngati kumundako kukakhale Fanta. Ndati tiyeni madzulo ano omwe, koma a fasiliteta akuti tidikire matisheti, chifukwa opereka thandizo kunjako sakhulupirira ntchito yopanda chithunzi. Ine wapampando ndavomera, pakuti udindo umafuna kudekha. Kale munthu unkangokwera pachulu n'kukuwa kuti kwa auje kwagwa vuto, tsidya lina ayankha, madengu n'kuyamba kutsika m'njira.

Lachisanu
Thirakitala yabwera, yapita. Ndaimva ikukwera chitunda ndili m'tchalitchi, tikujambula mtengo wa mavuto papepala lomata pakhoma. Mizu yake umphawi, thunthu lake umphawi, nthambi sindinamve bwino. Pazenera munda wa a Esitere ukuoneka uli biriwiri, wopanda munthu. Palibe wayang'ana mnzake. Manyazi andigwira, ndipo Fanta ya lero ndaisiya theka.

Loweruka
Matisheti afika! Tonse kumunda, ndi a Fanesi omwe. Tiyi wakhwima, masamba ngati a mango. Tatchola n'kumataya pansi kuti aphukenso. Kenaka akuti tiime pamzere, madengu kumsana, timwetulire. Madengu opanda kanthu, koma pachithunzi m'kati simuoneka. A fasiliteta asangalala kwambiri, akuti gulu lathu lili ndi kapasite, ndiye kuti ntchito timaitha. A Dorofe ayesa kuyamba nyimbo ija, palibe wakumbuka povomera.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi ndapita kwa a Esitere ndi mbale ya kalongonda komanso tisheti yawo. Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa. Adya pang'ono, kenaka akuti: "Amnzanga, paja nthawi ya maliro a amuna anu aja, ine ndinali sitekiholida kapena chiyani?" Madzi akatayika saoleka. Tiyi adzaphukanso, mwezi uno adya kwathu, ndipo Lachiwiri kuli wekishopu ina younika mmene ntchito yayendera. Ndipita, nanga si ndine wapampando. Tisheti ija a Esitere aitembenuza uku ndi uku, aipinda bwinobwino n'kutsamiritsa mwendo wothyokawo. Pa zonse zimene tachita sabata ino, yawathandiza ndi yokhayo.