Amayi Anga Anamwalira Ali ndi Miyezi Isanu ndi Iwiri

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Makaundula a Obadwa ndi Akufa,

Bwana wolemekezeka,

Mtendere ukhale nanu, pamodzi ndi mabuku anu onse, ngakhale aja mbewa zayamba kale kuwawerenga. Ine ndine Shehata Abdelmawla wa m'mudzi wa Naga Dardir ku Sohag, munthu wamba amene ndinapuma ntchito yosunga makiyi pa fakitale ya shuga. Ndalemba kuti ndithokoze, poti ofesi yanu yandidziwitsa za maliro a amayi anga, amene ife apabanja tinawaphonya ndi zaka makumi asanu ndi atatu. Malemuwo ali pompano, akusenda adyo, ndipo akuti ndikupatseni moni.

Sindikanakuvutitsani pakanapanda changu. Amayi akhala akulembetsa maere a ulendo wa Haji wopita ku Maka kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chaka chino dzina lawo latuluka. Pasipoti ikufunika pasanathe masiku makumi awiri. Tinapita kukaitenga, koma pawindo anatiuza mwaulemu kuti akufa salandira pasipoti.

Mlandu ndi wanga, Bwana, ndikuvomera. Adzukulu anga obadwira ku Cairo sadziwa dzina la kholo lililonse kupitirira ine, choncho ndinaganiza zowalembera mndandanda wa makolo athu. Ndinabwera ku nyumba yanu yosungira mabuku akale n'kupempha mabuku a m'mudzi mwathu. Apa ndi pamene payambira kuthokoza kwanga.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha kasungidwe kanu ka mabuku. Masiku amenewo obadwa ndi akufa kwathu ankalembedwa ndi wometa tsitsi, a Gharib, amene boma linawapatsa cholembera poona kuti lumo ali nalo kale. M'chaka cha 1944 analemba m'buku la obadwa kuti: Tafida, mwana wa Mitwalli. Patatha miyezi isanu ndi iwiri analemba m'buku la akufa kuti: Tafida, mwana wa Mitwalli, kutsegula m'mimba. Mabuku onse awiri anafika kwanu. Lina munaliika m'chipinda chapansi, lina cham'mwamba, ndipo kwa zaka zonsezi sanapatsanepo moni. Mtendere wa banja lathu unali pa masitepe amenewo.

Pajatu patatha zaka ziwiri agogo anabereka mtsikana wina. Wometa uja anali atamwalira, ndipo kulembetsa mwana kunkafuna ulendo wa tsiku lonse pa bulu, nthawi yodula nzimbe. Agogo aamuna, a Mitwalli, anatsegula bokosi n'kupeza pepala la kubadwa la malemu lili bwinobwino. Akuti anati, "Pepala ili, dzina ili, mwana uyu. Buluyo walakwanji?" Basi khandalo, amene ndi amayi angawa, linakhala Tafida. Sanali okha ochita zimenezi. Kwathu pepala la mwana womwalira linali ngati malaya ake, ankavala ndi mng'ono wake.

Chachiwiri, ndikuthokoza kuti boma silinanyansidwe nalo pepala limeneli. Ndi lomwelo munawakwatitsa nalo amayi, mukuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pomwe anali asanafike. Munawapatsa chitupa, n'kumachisintha chikatha. Pa chisankho chilichonse mwakhala mukuwaitana, ndipo sindinamvepo kuti voti yawo yabwezedwa chifukwa mwini wake ndi wakufa.

Chachitatu, ndikupempha kuti mlembi wanu, a Wagdi, muwakweze pa udindo. Munthu ameneyu ndiye woyamba m'nyumba mwanu kukwera masitepe atanyamula buku. Anawagoneka onse awiri patebulo, chala china apa, china apo, nkhope yawo n'kuwala ngati munthu wotola mphete m'mbale ya nyemba.

"Bambo, mwaziona izi? Pepani kwambiri, amayi anu anatisiya."

Ndinati ndawasiya m'mawa womwewo akumwa tiyi.

"Tiyi si chikalata, bambo."

M'nyumba imene kupeza pepala limodzi kumatenga miyezi itatu, imfa ya amayi inalowa m'kompyuta ndisanamalize kupukuta magalasi. Amene amanena kuti maofesi anu ndi ochedwa abwere adzandifunse.

Ndinawafotokozera amayi. Iwo anati, "Iwe Shehata, anzako akapuma ntchito amaweta nkhunda. Iwe wapita kukakumba manda a mayi ako. Wapezamo chiyani? Golide?"

Chachinayi, ndikuthokoza chifukwa cha njira yokonzera zinthu imene ofesi yanu yatipatsa. Akuti popeza Tafida anamwalira, mayi amene ali kwathuyu sanabadwe, ndiye alembetsedwe ngati munthu amene kaundula anamuiwala. Pakufunika mboni ziwiri zimene zinaona akubadwa. Mzamba anamwalira ine ndili m'kalasi yoyamba. M'mudzi monse wamkulu kuposa amayi watsala mmodzi, a Sekina, amene amandifunsa tsiku lililonse ngati nkhondo ya Azungu yatha. Pakufunikanso kuti dokotala wa boma awayeze msinkhu poyang'ana mano. Kumeneko tinapita. Dokotala, mwana wa dzulodzuloli, anati, "Agogo, tayasamulani." Amayi anagulula mano awo onse oikirira, am'mwamba ndi am'munsi, n'kuwaika patebulo pake.

"Awa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wanga. Lemba zimenezo, mwina andilandira kusukulu."

Dokotala analemba kuti nkhaniyi ipite ku komiti. Komitiyo imakumana pakatha miyezi itatu, anthu atabwerako kale ku Maka ndipo zipatso za tende zimene anabweretsa zitatha. Komanso a Wagdi andichenjeza, mwachikondi, kuti munthu watsopano amene komiti idzamubereke sanachite nawo maere. Amene anapambana ndi Tafida, ndipo Tafida ndi wakufa. Za ine mwini, mwana wobadwa kwa khanda la miyezi isanu ndi iwiri patatha zaka makumi awiri chiikidwire m'manda, ndaopa kufunsa. A Wagdi ali ndi mphamvu zambiri m'miyendo masiku ano.

Bwana, ife timaseka chifukwa kulira pawindo la boma kumafunanso chidindo. Koma zovala zoyera za pa ulendowu amayi anasoketsa kalekale, ndipo chaka chilichonse amazichapa n'kuzipindanso. Dokotala wa mtima anandiitanira pambali n'kundiuza kuti za chaka chamawa tisamazidalire. M'mawa uliwonse amayi amandifunsa ngati pepala latuluka, ndipo mabodza andithera.

Sindikupempha kuti muukitse akufa. Imeneyo ndi ntchito ya Mulungu, ndipo Iye safuna zithunzi zinayi. Sindikupemphanso kuti kaundula avomere kulakwa, poti kaundula salakwa, amalakwa ndi anthu amene amapitiriza kupuma buku litatsekedwa. Pempho langa ndi laling'ono, ndipo likugwirizana ndi mabuku anu onse awiri. Ndamva kuti mtembo umawoloka malire popanda pasipoti, umangofuna chilolezo chonyamulira, ndipo chimenecho ofesi yanu imapereka tsiku lomwelo. Chonde tipatseni chimodzi, m'dzina la Tafida mwana wa Mitwalli, wopita ku Maka. Amayi avomera. Alonjeza kuti pabwalo la ndege agona phee osatsokomola mpaka chidindo chitagunda. Angopempha kuti pepalalo likhale lopita ndi kubwera, poti mkate adzausiyira mpongozi wawo ndipo samukhulupirira.

Ine wanu wodzichepetsa, mwana wamasiye kuyambira ndisanabadwe,

Shehata Abdelmawla
Naga Dardir, Sohag