Mlamu Wanga Anasochera Atamwalira Kale

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimalakalaka nthaka itang'ambika n'kundimeza. Koma poti anthu a ku Makata amaikamba mothira mchere wambiri, bola ndiikambe ndekha, mwini manyazi.

Ine ndine Gerevazio, wa ku Makata mu Ndirande. Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani za masaluni, magolosale ndi maminibasi. Ife tinakula opanda adilesi. Kalata inkabwera kudzera pa bokosi la ku positi la tchalitchi, akatekisiti n'kumaitana maina Misa ikatha. Mlendo tinkamulondolera kuti, "Mukatsika pa Chinseu mulowe kanjira ka kuseri kwa chigayo, mudumphe ngalande, mufunse mayi wogulitsa makala." Mayi wa makalayo akadwala, basi mlendo wasochera.

Ndiye a boma atabweretsa za mapostikodi, ine ndinazigwira ndi manja awiri. Kunabwera anthu ovala majekete owala, kukhoma timanambala pamakomo ndi kuzika zikwangwani za maina a misewu. Kumsonkhano anatifotokozera kuti postikodi ndi manambala sikisi. Yoyamba imanena chigawo, ife a kummwera yathu ndi 3. Ziwiri zotsatira zimanena boma kapena mzinda, zitatu zomalizazo dera lako. Zimene ananena pambuyo pake sindinazimve, ndinali kalikiliki kuomba m'manja.

Ndinakalemba postikodi yathu pageti ndi penti yofiira. Aliyense wodutsa ndinkamuuza kuti, "Tsopano tafanana ndi ku London!"

Chikwangwani cha msewu wathu sichinachedwe, anthu anachizula. Ndikukhulupirira kuti pano ndi mbaula. Dzina la msewu linapita nacho limodzi, palibe amene anali ataligwira pamtima.

Kenako kunagwa zovuta. Mlamu wanga Fanuelo, mwamuna wa achemwali anga a Enelesi, anamwalira ku Joni komwe ankagwira ntchito yomanga. Anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, n'kusiya mkazi ndi ana ang'onoang'ono. Anzake kumeneko anapeza galimoto yobweretsa thupi pamsewu. Maliro anali pakhomo panga, chifukwa achemwali ankakhala m'nyumba ya lendi yopanda bwalo.

Tsiku lofika thupi, anthu anadzaza kuyambira m'mawa. Mipando tinatulutsa panja, amayi a mpingo akuimba m'nyumba, adzukulu atamaliza kale kukumba manda. Dzuwa litakwera, foni yanga inalira.

"Ndine dalaivala wa maliro aja. Tadutsa pa Lunzu. Ine Blantyre sindiidziwa bwino, kwathu ndi ku Mzimba. Tandilondolerani."

Amalume athu, a Namakhwa, anatambasula dzanja. "Bweretsa foniyo ndimuuze za chigayo."

"Amalume, za zigayo zinatha! Munthu wochokera ku Joni mukamuuze zodumpha ngalande? Tisadzichititse manyazi."

Ndinakonza kukhosi, n'kutchula postikodi mokweza kuti anamfedwa onse amve. Ndinaonjezeranso nambala ya nyumba.

"Nanga dzina la msewu, bwana?"

"Musavutike nalo. Postikodiyo ikufikitsani pakhomo penipeni. Very accurate!"

"Koma foni yangayi sikuizindikira nambalayi."

"Ingolowani mu Ndirande muziwerenga pamakomo. Simple!"

Tinadikira. Amayi anamaliza nyimbo zonse za maliro, n'kuyambiranso. Achemwali anasiya kulira, n'kumangoyang'ana pakhomo. Dzuwa linafika pamutu, galimoto osaoneka. Kenako foni inaliranso.

"Bwana, tafika bwino, tatsitsa, tanyamuka. Tili ndi thupi lina lopita ku Mangochi. Pepani kwambiri. Mayi aja akomoka, muziwathira madzi."

"Mayi ati?"

"Amake malemuwo."

Amake Fanuelo anamwalira kalekale, ine ndili pasukulu.

"Achimwene, mwatsitsa kuti?"

"Pa nambala yomwe munandipatsa. Accurate ndithu!"

Foni inaduka. Ndinaimbanso, sinalowe. Apo ndi pamene nzeru zinandifikira, mochedwa ngati apolisi. Postikodi si ya nyumba yanga, ndi ya dera lonse, kuyambira kumsika mpaka m'munsi mwa phiri. Ndipo nambala ya nyumba yangayo iliponso pa misewu ina. Chosiyanitsa ndi dzina la msewu, lomwe lija anaphikira nyemba.

Achemwali anatuluka atagwiriridwa ndi amayi awiri.

"Gerevazio, mwamuna wanga ali kuti?"

"Wafika, achemwali."

"Wafika kuti?"

"Mu... mu Ndirande mommuno."

Sanakuwe, sanatukwane. Anangondiyang'ana n'kukhala pansi pa dothi. Bola akanandimenya.

Tinanyamuka ndi amalume wapansi, kusakasaka maliro athu. Tinkaima pa mphambano iliyonse n'kutchera khutu ngati alenje. Tinafunsa a kabaza, tinafunsa ometa tsitsi. Mayi wina wootcha chimanga anati, "Galimoto ya nambala ya ku Joni yokoka kangolo? Yalowera cha ku Goliyo."

Ku Goliyo tinapeza masamba ataikidwa kale pamsewu. Kulira kunkamveka patali. Pakhomo pa nyumbayo panali kanambala kofanana ndendende ndi kanga.

Bambo wina panja anatinong'oneza nkhani yonse. Mwini nyumba anali amake Tobiyasi, mayi wamasiye wogulitsa tomato kumsika. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tobiyasi, anapita ku Joni ndipo anali atasiya kuimba foni kuyambira nthawi ya mvula. Galimoto itaima, dalaivala anangovula kapusi n'kunena kuti, "Pepani mayi, tabwera ndi maliro a ku Joni." Mayiwo anagwa pomwepo. Dzina palibe anafunsa. Oyandikana nawo ananyamula bokosi n'kulowetsa m'nyumba, uthenga n'kutumiza mpaka kumudzi ku Phalombe.

Amalume anandikankha pamsana. "Lowa ukalankhule wekha, bwana wa ku London."

Ndinagwada pakhomo. M'katimo amake Tobiyasi anali atakumbatira bokosi, mawu atasasa, akuitana mwana wawo ndi dzina la paubwana.

"Pepani anamfedwa," ndinayamba. "Ife tabwera... tabwera kudzatenga maliro athu."

Nyimbo inaduka pakati.

"Ati chiyani?"

"Bokosili ndi lathu. Lasochera."

Sindinaone kumene mbama inachokera. Amuna awiri anandigwira pakolala n'kundidzutsa.

"Okhwima awa! Akufuna ziwalo!"

"Ayi, ayi, tamverani! Nkhani yake ndi ya postikodi!"

"Postikodi ndiye ndani? Ndi amene wakutuma? Amakhala kuti?"

"Bweretsani matayala!" wina anakuwa kunja.

Amalume, amene mpaka apo ankangoonerera, anaona kuti maliro atha kukhala awiri. Anavula chipewa, n'kugwada, n'kupempha mofatsa kuti angotsegula pankhope pokha, mayiwo aone.

Mkulu wina wa mpingo wawo anatsegula. Amake Tobiyasi anakwawa n'kusuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Uyu si Tobiyasi," anatero. "Tobiyasi alibe dazi."

Palibe ankadziwa ngati nthungululu n'zololedwa pamene pali bokosi. Mayiwo anakhala pansi n'kuyambanso kulira, koma kulira kwina, kwapansipansi.

"Nanga wanga ali kuti?"

Ine ndinayang'ana pansi, tsaya likuyaka. Tobiyasiyo anadzaimba foni mawa lake, atawerenga pa gulupu ya pafoni ya anthu akwawo kuti wamwalira. Koma tsiku limenelo mayi ake sankadziwa kanthu, ndipo anali atamuika kale m'manda mumtima mwawo chifukwa cha ine.

Mayiwo atapukuta misozi anafunsa kuti, "Malemuwa ali ndi mayi?"

"Anamwalira kale," anayankha amalume.

"Ndiye walowa m'nyumba mwanga, ndamulira ngati wanga. Ndimuperekeza."

Galimoto panalibe. Amuna omwe aja amafuna kundiotcha ndi amene ananyamula Fanuelo pamapewa. Tinadutsa m'tinjira ta Ndirande, kudumpha ngalande, kupatuka mabenchi a ogulitsa, anthu a ku Goliyo onse akuimba pambuyo. Ine ndinayesa kupita kutsogolo kuti ndilondolere njira.

"Iwe khala kumbuyo!" anakuwa onse pamodzi.

Titafika kwathu, achemwali anagwera pabokosi. Amake Tobiyasi anakhala pambali pawo n'kuwagwira pamapewa, ngati anthu odziwana kuyambira kale. Ine palibe anandilankhula. Ngakhale mkazi wanga ankandidutsa ngati mtengo.

Kumanda tinafika dzuwa litapendeka, adzukulu nkhope zili gwa. Akatekisiti analalikira mwachidule. Pomaliza anatseka buku, n'kuyang'ana khamu lonse, a ku Makata ndi a ku Goliyo omwe.

"Abale, musalire ngati anthu opanda chiyembekezo. M'bale wathu Fanuelo wayenda ulendo wautali, ndipo tsopano wanyamuka ulendo wake womaliza, wopita kwa Atate. Tili ndi chikhulupiriro chonse kuti kumeneko akafika bwinobwino." Anaima pang'ono, n'kundiponyera diso. "Chifukwa adilesi yake sanapereke ndi a Gerevazio."

Anthu anayesa kudzigwira, koma wina kumbuyo anaphulika. Manda onse anagwedezeka ndi phwete, mpaka achemwali anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedera, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

Nzeru zatsopano, abale, muziyamba mwaziyesera pa katundu woti akasochera palibe wolira.