Amalume Anabwera Wapansi ku Maliro Awo

Mpaka lero ndikatsika sitima ya pamadzi pa Chipyela sipalephera kupezeka munthu wofuula kuti, "Bisani odwala, wafika uja!" Ndimangoseka nawo, nanga nditani? Mlanduwo ndi wanga ndithu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiulule ndekha anthu asanapitirize kuuthira mchere.

Ndinapita kukoleji kumtunda kukaphunzira kulemba masewero a pabwalo, a pawailesi ndi a kanema. Kwathu kuchilumba, m'mudzi wa Mbungo, panalibe womvetsa. Mayi anga ankauza anzawo kuti ndikuphunzira ukalaliki, poti ankangondiona ndikulemba. Amene anandiikira kumbuyo anali amalume anga a Barnaba, msodzi wopuma, munthu wa mawu ochepa. Iwo anangoti, "Musiyeni. Ngati bodza lili ndi sukulu, mphwangayu akakhoza."

Ndinakhozadi, koma ntchito kunalibe. Anzanga ena analowa uphunzitsi, ena m'manyuzipepala, ena kumabungwe ophunzitsa anthu zaumoyo kudzera m'masewero. Ine ndinabwerera kuchilumba ndi chikwama cha mapepala, n'kumathandiza mayi kuviika chinangwa. Patapita miyezi, mayi wina wa ku Blantyre, mkulu wa gulu lopanga masewero a pawailesi, anayankha kalata yanga. Ankafuna mlembi. Anati abwera pa sitima pakatha milungu itatu kudzaona sewero langa likuseweredwa ndi anthu a m'mudzi, ndipo akakhutira anditenga. Sitima kwathu inkabwera kamodzi pa mlungu, koma mwayi wotere sindinkayembekeza kuti ungabwerenso.

Sewerolo linali la mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake akumulanda boti ndi maukonde. Linkayambira pa maliro. Wamasiyeyo ndinasankha mayi anga aang'ono, a Esinati, mlongo wawo wa amalume, chifukwa kukwaya mawu awo amafika kutali. Malo okonzekerera ndinapempha nyumba ya amalume, poti ndiyo inali ndi pabalaza papakulu.

(Apa ndikuuzeni chinthu chimene ine wophunzira sindinachiganizire: amalumewo anali atangotuluka m'chipatala ndi chifuwa, ndipo Mbungo yense ankadziwa.)

Tsikulo amalume analawirira ku Chipyela kukatenga mankhwala, osaonedwa ndi aliyense. Masana ine ndinatseka chitseko ndi mawindo, poti kukoleji anatiuza kuti sewero losapsa salionetsa anthu. Ndinayala mphasa, ndinagonekapo thunthu la nthochi, n'kulifunditsa nsalu yoyera. Ndiye pofuna kuti zioneke zenizeni, ndinatenga nsapato za amalume zopitira kutchalitchi n'kuziika kumiyendo, zikusuzumira kunja kwa nsalu. Ndinadziyamikira kwambiri pa nzeru imeneyo.

Mayi aang'ono anayamba kuwerenga papepala. "Mwamuna wanga. Wandisiyiranji. Mayo." Zinkamveka ngati zolengeza za pa Sabata.

"Iyayi mayi, sizikugwira mtima," ndinatero. "Tayani pepalalo. Aphunzitsi athu ankati wosewera azikumba chisoni chake chenicheni. Tsinzinani. Ganizirani munthu amene mumamukonda kwambiri, muyerekeze kuti ndi amene wagona apayu."

"Iwe mwanawe, zimenezo si malodza?"

"Ndi luso, mayi. Tinaphunzira zaka zinayi."

Anatsinzina. Kenaka inatuluka mfuu imene sindinaimvepo chibadwire.

"Achimwene ine! A Barnaba ine! Mwandisiya ndi yani ine! Mayo ine, mayooo!"

Mumtima ndinati, ntchito ija ndaipeza.

Inu a kumtunda mwina simudziwa. Kwathu mfuu ya maliro ikamveka safunsa kawiri. Wa khasu amaponya khasu, wa ukonde amasiya ukonde, ndipo palibe bwato lolowa m'madzi mpaka munthu ataikidwa. Ine ndinabadwira momwemo, ndinkazidziwa bwinobwino, koma tsiku limenelo mutu unali wodzaza ndi sukulu.

Sipanapite nthawi, chitseko chinatseguka, n'kulowa amayi atatu akulira. Dzulo lake ndinali nditapempha mayi aang'ono kuti andipezere anzawo a kwaya oti adzakhale olira, ndiye ndinangoti ndi amenewa.

"Mwachita bwino amayi, mwafika pa nthawi yake," ndinawalandira. "Inu khalani kumutu. Inu kumiyendo. Koma mukweze mawu, akumbuyo azimva."

Mmodzi anandiyang'ana mwachifundo, n'kunong'oneza mnzake kuti, "Mwanayu chisoni chamusokoneza mutu." (Ndinamva, koma ndinaganiza kuti akuwonjezera mawu ake m'sewero, ndipo ndinawalemba papepala chifukwa anandisangalatsa.)

Analowa ena asanu. Analowanso ena. Mayi aang'ono atatsegula maso n'kuona nyumba yadzaza amayi akulira misozi yeniyeni, anaganiza kuti uthenga wabwera kuchokera ku Chipyela woti achimwene awo agwa panjira. Apo ndiye anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduzika. Ine pakona, mapepala kukhwapa, ndikuomba m'manja.

"Eya! Ndi zimenezotu! Bwerezani!"

Amene ananditsegula maso anali a Yohane, mmisiri wa matabwa. Analowa mwakachetechete ndi chingwe m'manja, n'kundigwira paphewa.

"Pepa mwana wanga. Ndipatse mpata ndiwayeze msinkhu."

M'sewero langa munalibe mmisiri.

Ndinatuluka pakhonde. Pansi pa mtengo wa mango panali patadzaza azibambo, mitu ili pansi. Asodzi amene ankakonzeka kupita kunyanja anali atakokera mabwato kumtunda. Amalonda a ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, amene ankapakira katundu m'boti lawo anasiya zonse n'kubwera. Nkhuni zinali zitayamba kuunjikidwa, ndipo wina anali atathamanga kale kukauza ansembe. Koma chimene chinandilasa mtima ndi ichi: mayi anga ondibala akubwera m'kanjira, opanda mpango kumutu, amayi awiri atawagwira uku ndi uku, akulira mlongo wawo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifuule, mawu osatuluka. Ine amene ndinali ndi pepala la ukatswiri wa mawu.

Ndili chiimire choncho, ndinaona munthu akutulukira kumbuyo kwa gulu, kathumba ka mankhwala m'manja. Amalume. Anavula chipewa mwaulemu monga amachitira munthu akapeza zovuta, n'kukhala pansi kumbuyo kwa a Mateyu, mnzawo amene ankapalasa naye bwato kuyambira ali anyamata. Anakhala pamenepo kanthawi ndithu, akumvetsera. Kenaka anafunsa chapansipansi.

"Pepani, watisiya ndani?"

A Mateyu anayankha osadzutsa mutu. "A Barnaba, abale. Munthu wabwino uja. Liuma lokha ndiye anali nalo."

"Ha! Ndamwalira nthawi yanji?"

Zimene zinachitika pamenepo sindingathe kuzilemba, ngakhale kulemba ndiyo ntchito yanga. A Mateyu, munthu wodandaula nyamakazi chaka chonse, anadumpha mulu wa nkhuni n'kukaima m'nyanja madzi ali m'khosi. Azibambo anabalalikira m'chinangwa. M'nyumba a Yohane anavundukula nsalu n'kupeza nthochi itavala nsapato.

Kuseka kunabwera patapita zaka. Tsiku limenelo kunalibe woseka. Asodzi anakwiya chifukwa tsiku lawo linapita pachabe. Amayi anati ndaitanira imfa pamudzi. Onse amene analonjeza kusewera anakana, ndipo mayi aang'ono analumbira kuti sadzagwiranso pepala langa. Mayi anga sanandikalipire, anangosiya kundiyang'ana kumaso, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Sitima inali itatsala masiku asanu. Ndinayamba kulemba kalata youza mayi wa ku Blantyre uja kuti asavutike.

Amalume anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu m'mawa anandipeza ndikusenda chinangwa.

"Mphwanga, vala malaya abwino. Tiye."

"Kuti, amalume?"

"Kukapepesa. Wophedwa ndi womupha akayendera limodzi, anthu amamva msanga."

Tinayenda khomo ndi khomo, Mbungo yense, mpaka ku Yofu kumene uthenga unafikanso. Amalumewo, munthu wodwala chifuwa, akupumira panjira, koma osalola kubwerera. Ine ndinkagwada n'kupepesa, iwo n'kumalizitsa. Pakhomo lililonse ankanena zofanana.

"Mwanayu walakwa, ndipo wamva. Koma ine wandichitira chinthu chimene palibe anachitiridwapo. Ndaona ndi maso anga amene adzabwere pa maliro anga. Ndinkayesa ndine nkhalamba yotopetsa, koma ndaona mabwato onse ali kumtunda chifukwa cha ine. Tsono Loweruka mubwere ku sewero lake. Nthochi ija taichotsa ntchito. Pamphasa ndigonapo ndine."

Ena anagwira pakamwa, ena anati a Barnaba liuma lija lakula. Koma ndani akanatsala kunyumba? Loweruka bwalo la sukulu linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Mayi aang'ono anavomera kusewera pokhapokha asatchule dzina la munthu. Amalume anagona bwinobwino osagwedezeka, kupatula pamene wosewera wina ananyamula ukonde wa malemu, iwo n'kulankhula ali m'nsalu momwemo kuti, "Umenewo ndi wanga weniweni, muubweze." Anthu anaseka mpaka kugwa.

Titamaliza, mayi wa ku Blantyre anandiitanira pambali.

"Achimwene, ndinene zoona. Sewero mwalembali ndi la m'kalasi, anthu ake amalankhula ngati mabuku. Koma pa sitima ponse anthu amakamba za nthochi yovala nsapato, ndipo ine ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Ngati mungandilembere imeneyo, momwe anthu anu amalankhuliramu, ntchito ndi yanu."

Ndinailemba masiku atatu, amalume atakhala pambali akundikonza. "A Mateyu sanganene choncho. Fufuta." Kunena zoona, zimene ndinaphunzira pakhonde limenelo n'zimene zandidyetsa mpaka lero, pawailesi ndi pakanema pomwe. Koleji inandipatsa pepala, ndipo sindiinyoza, koma khutu anandipatsa ndi amalume. Ndimawathokoza tsiku lililonse.

Anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku limene anatisiyadi, mfuu itamveka, akuti anthu sanathamange. Anayamba atumiza munthu kukafunsa kuti, "Kodi mphwawo uja ali pachilumba?" Atamva kuti ndili ku Blantyre, m'pamene anakokera mabwato kumtunda.

Ine sitima inandichedwetsa, ndinapeza ataikidwa kale. Mayi aang'ono anandilandira pakhomo paja, maso ali ofiira, n'kundipatsa nsapato zija zitakulungidwa m'nsalu.

"Anati tikupatse. Anatinso tikuuze kuti ulendo uno usanene kuti bwerezani."

Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira mokweza, popanda wondiphunzitsa.