Mlalang'amba wa Nyemba pa Lichero

Lolemba
Zatheka! Thandi, mtsikana amene ndikumufuna, wavomera kudzandiona kufulati kwanga ku Hillbrow Lamlungu. Agogo ake anachokera ku Dedza kudzagwira m'migodi, koma iye ndi wobadwira konkuno ku Joni. Akuti ine ndimangodziwa za mpira. Aona.
Pa wailesi ya abwana ku Rosebank ndamva zodabwitsa: pakati pa mlalang'amba nyenyezi zimathithikana ngati anthu m'teksi. Zina zimachokera kutali m'magulumagulu n'kumatsetserekera pakati, zina zimabadwira pompo mpweya ukaunjikana. Ndimuonetsa ndi maso.

Lachiwiri
Zida: lichero la Mayi Phiri a khomo loyandikana, nyemba (nyenyezi zobwera), mtedza (zobadwira pompo). Ukazunguliza lichero zonse zikumane pakati. Ndazunguliza. Zonse zili pansi pa bedi.

Lachitatu
Mayi Phiri aseka mpaka misozi. "Abambo inu, lichero si khasu, fewetsani dzanja." Zayamba kusonkhana pakati! Ndavina ndekha.
Foni: msuweni wanga Yohane watsika basi yochokera kumudzi. "Masiku awiri okha, achimwene." Ndingamukane bwanji?

Lachinayi
Yohane wabweretsa anzake a m'basi, akuti mawa akayamba ntchito ku Kya Sand. Mtedza watha. "Timayesa ndi wa alendo." Palibe kanthu, nyemba zilipo.

Lachisanu
Ku Kya Sand ntchito kulibe. Afikanso amalume a mmodzi wa iwo, ndi zikwama zawo. Gulu likakula limakokadi ena, sayansi sinama! Nyemba ndabisa pamwamba pa kabati. Ndikuyeserera m'bafa.

Loweruka
Pokwera masitepe, kafungo kabwino. Amalume akuti, "Nyemba zako zinali ndi fumbi mphwanga, koma tazitsuka." Mlalang'amba wonse, ndi tomato ndi anyezi. Ndadyako. Unali wokoma.

Lamlungu
Thandi wafika. Anyamata amupatsa mpando pakati penipeni, ine malo andithera. Ndafotokoza zonse ndili pakhomo, lichero lopanda kanthu m'manja.
"Hawu, ndamvetsa," watero Thandi. "Obwera ndi awa, wobadwira pompano ndine." Ndakondwa kwabasi. Kenako Yohane wasendera pafupi n'kuyamba nkhani za ku Dedza, ndipo mpaka pano Thandi akuseka, sanachewukenso.
Wailesi ija inati ngakhale dzuwa lathuli lili kutali ndi pakati. Lichero ndikabweza mawa.